Kodi matayala akuluakulu angafikitse kanyumba ku Majaua?

Phula la msewu wa N11, wochokera ku Mocuba, limathera pa chipata cha Milange moyang'anizana ndi Muloza. Wopita ku Majaua amalisiya phulalo m'tauni ya Milange n'kulowa msewu wadothi wotsikira kudera lomwe mtsinje wa Ruo umalekanitsa Mozambique ndi Malawi. M'chilimwe msewu wotere ndi fumbi ndi mabampu ogwedeza chiwindi. M'dzinja ndi matope oterera ndi ngalande ziwiri zakuya zomwe malole a chimanga ndi nandolo amasiya, pakati pake patatukuka linunda. Anthu a kuderali anaona madzi osefukira a mu Januwale 2015 akuwononga makina opangira magetsi a pa Ruo, anaonanso zomwe namondwe Freddy anachita mu Malichi 2023, choncho sadabwa akaona galimoto yabwinobwino itagona pamimba m'matope, matayala onse anayi akuzungulira pachabe.

N'chifukwa chake mwini pikiapu aliyense wofuna kuyenda njira zoterezi amafika poganiza zoika matayala okulirapo kuposa omwe galimoto inabwera nawo. Funsoli limavuta kwambiri kwa omwe amasenzetsa pikiapu kanyumba kogonamo, kokhala ndi bedi, mbaula ya gasi, firiji ndi thanki ya madzi. Tinyumba totereti timaoneka ndi alendo a ku South Africa odutsa pa Muloza popita ku Gurué kapena ku Ilha de Moçambique, ndipo zimachitika kuti ogwira ntchito kumidzi yopanda nyumba zogona alendo amadzipangira kawo. Vuto lawo silisiyana kwenikweni ndi la wogula mbewu amene amakweza matumba 20 pa Hilux. Kusiyana kwake n'kwakuti matumba amatsika madzulo, pomwe kanyumba kamakhala pamsana usana ndi usiku, ndiponso kulemera kwake kuli m'mwamba.

Tiyambe ndi zomwe tayala lalikulu limaperekadi, poti sizabodza. Pansi pa galimoto, malo otsika kwambiri ndi difu ya ekiselo yakumbuyo. Mungathe kukweza bodi ndi masipuling'i atsopano mpaka galimoto kuoneka ngati yaima panjerwa, koma difu sisuntha, imakhala pomwe inali. Chomwe chimaikweza ndi tayala lokha. M'ngalande za malole zija, difu ikagwira linunda lapakati ulendo wathera pomwepo, payambika ntchito ya makasu.

Koma ikukwera motani? Manambala olembedwa pambali pa tayala amayankha. Hilux zambiri zamakono zimabwera ndi 265/65R17. Nambala yoyamba ndi kutambalala kwa tayala m'mamilimita, yachiwiri ikusonyeza kuti khoma la m'mbali ndi magawo 65 pa 100 a kutambalalako, yomaliza ndi kukula kwa limu m'mainchesi. Mukaphatikiza zonse, tayalali ndi lotalika mamilimita 776 kuchoka pansi kufika pamwamba. Lomwe ambiri amalisirira, 285/70R17, ndi mamilimita 831. Kusiyana kwake ndi 55, koma difu imakwera ndi theka lokha la kusiyanako, popeza imakhala pakatikati pa tayala: mamilimita 27, osakwana n'komwe masentimita atatu. Pali malo pomwe masentimita atatuwo amapulumutsa munthu. Pali malo ambiri pomwe lole yadula ngalande yofika m'maondo, ndipo pamenepo palibe tayala la pikiapu lomwe lingathandize.

Mtengo wa masentimita atatuwo sulipiridwa kusitolo kokha. Tayala lotalika ndi magawo 7 pa 100 limayenda mtunda wotalikirapo pa kuzungulira kulikonse, zomwe zikufanana ndi kukweza magiya onse pang'ono. Mphamvu yomwe injini imafikitsa pansi imachepa ndi magawo 7 omwewo. Galimoto yopanda katundu siimva kanthu. Koma Land Cruiser ya injini ya 1HZ, dizilo ya malita 4.2 yopanda tebo, yomwe mphamvu zake ndi ma kW 96 okha, ikasenza kanyumba n'kukumana ndi chitunda chonyowa, dalaivala amapezeka akufuna giya yotsika yomwe kulibe, n'kuyamba kusewera ndi kilatchi mpaka kununkha. Mabuleki nawo amakumana ndi zomwezo: ayenera kuimitsa chinthu chachitali komanso cholemera kuposa chomwe anawapangira, ndiye mtunda woimira umatalika. Mita ya liwiro imayamba kunama. Ikamati 100, galimoto imakhala ikuthamanga pafupifupi 107, ndipo wapolisi wapamsewu pakati pa Milange ndi Mocuba sakufunsani za matayala polemba chindapusa. Pali omwe amasintha magiya a mu difu kuti abweze mphamvu yotayikayo. Imeneyo ndi ntchito yodula, ya ma difu onse awiri, ndipo si ya pansi pa mtengo wa mango.

Tsono pali chikhulupiriro chomwe chimavulaza anthu, chakuti tayala lalikulu limanyamula katundu wambiri. Nthawi zina n'zoona, nthawi zambiri ayi. Chomwe chimanena za katundu ndi nambala ina, yolembedwa pambuyo pa manambala a kukula aja, yomwe ogula ambiri saiyang'ana. Tayala lolembedwa 112 limaloledwa kusenza makilogalamu 1,120. La 116 ndi 1,250. La 120 ndi 1,400. La 121 ndi 1,450. La 123 ndi 1,550. Pakakhala manambala awiri, monga 120/116, yoyamba ndi ya tayala loima lokha, yachiwiri ndi ya matayala oima awiriawiri ngati a lole. Mukayendayenda m'masitolo mupeza kuti LT265/70R17 ndi LT285/70R17, ngakhalenso 315/70R17 lomwe limaoneka ngati la thirakitala, kawirikawiri onse amalembedwa 121. Lalikululo limadya malo, limadya dizilo, koma silikuwonjezerani ngakhale thumba limodzi. Choipa kwambiri n'kugula tayala lalikulu lopangidwira magalimoto okwera anthu, la khoma lofewa, n'kuliika m'malo mwa laling'ono lolembedwa C kapena LT, zilembo zomwe zimasonyeza kuti linapangidwira katundu. Kumeneko n'kubwerera m'mbuyo galimoto ikuoneka ngati yapita patsogolo. Ku America lamulo limati tayala la galimoto yokwera anthu likaikidwa pa pikiapu, katundu wake awerengedwe mochotsera pafupifupi gawo limodzi pa magawo khumi.

Ndipo nambala ya katunduyo imagwira ntchito pokhapokha mpweya uli wokwanira. Chomwe chimasenza galimoto ndi mpweya. Labala ndi mawaya ntchito yake n'kuusunga. Tayala la LT235/85R16 lolimba kwambiri limafika pa katundu wake wonse likapopedwa mpaka 80 psi, womwe ndi pafupifupi 5.5 bar. Mukalipopa 35 psi monga munazolowera pa tayala lakale, limasenza katundu wochepa kwambiri kuposa wolembedwayo, ndipotu pa mpweya wofanana tayala la LT limasenza zochepa kuposa tayala wamba la kukula komweko. Ambiri amadabwa nazo zimenezi. Tayala loperewera mpweya limapindika khoma pa kuzungulira kulikonse, kupindikako kumabala kutentha, kutentha kumamasula labala pa mawaya, ndipo tsiku lina pa phula la mwezi wa Okutobala chikopa cha tayala chimasendeka galimoto ili pa liwiro. Dziko lapansi linaphunzira izi mopweteka mu Ogasiti 2000, pomwe kampani ya Firestone inaitanitsa matayala 6.5 miliyoni, ambiri a iwo a pa Ford Explorer, anthu atafa pa ngozi zogubuduzika. Mkangano umodzi waukulu pakati pa makampani awiriwo unali wa mpweya: Ford inkalangiza 26 psi, Firestone inkati pafunika 30. Ngati kusiyana kwa 4 psi kunafika m'makhothi, nanga bwanji kwa munthu amene amayeza mpweya pomenya tayala ndi chidendene?

Tiyerekeze kuti mwapeza matayala abwino, a 123, mwawapopa bwino. Kumbuyo kuli awiri, ndiye makilogalamu 3,100. Kodi ndiye kuti mungasenze zimenezo? Ayi. Pa chitseko kapena pafupi ndi injini pali kachitsulo komwe wopanga galimoto analembapo kulemera komwe galimoto yonse siyenera kupyola, ndiponso komwe ekiselo iliyonse siyenera kupyola. Manambala amenewo anawapeza poyang'ana chasisi, mabering'i, masipuling'i, mabuleki ndi malimu, ndipo sasintha chifukwa mwasintha matayala. Limu nayo ili ndi malire ake a katundu ndi a mpweya. Malimu ena onyezimira ogulidwa chifukwa cha kukongola amang'aluka msanga kuposa achitsulo omwe anachotsedwa.

Pikiapu ya zitseko zinayi ili ndi vuto lake lapadera, ndipo ndikuona kuti apa ndi pomwe pamagona nkhani yonse ya kanyumba. Mpando wakumbuyo unakankhira bodi m'mbuyo, moti gawo lalikulu la malo a katundu lili kuseri kwa ekiselo yakumbuyo. Pa Hilux, kuchoka pa ekiselo yakutsogolo kufika pa yakumbuyo ndi mamilimita 3,085. Mukakweza kanyumba ka makilogalamu 600 komwe pakatikati pa kulemera kwake pali masentimita 40 kuseri kwa ekiselo, matayala akumbuyo samva 600, amamva pafupifupi 680, ndipo 80 owonjezerawo achotsedwa kutsogolo, komwe kuli chiwongolero ndi mabuleki amphamvu. Galimoto imapepuka mutu. Ku Australia ndi ku South Africa amakaniko amadziwa bwino ma pikiapu a mtunduwu omwe chasisi chake chinapindika kuseri kwa kabini chifukwa cha katundu wolendewera kumbuyo pa misewu ya mabampu. Kulemera komwe wogulitsa kanyumba amatchula kumakhalanso kwa kanyumba kopanda kanthu. Onjezanipo malita 80 a madzi, omwe ndi makilogalamu 80, zigubu ziwiri za dizilo, botolo la gasi, batire lachiwiri, zida, ndiwo ndi ufa, ndi anthu eniakewo. Pikiapu yomwe inalembedwa kuti imasenza pafupifupi tani imodzi, kuphatikizapo okweramo, imakhala yadzaza kale musanaganize za matayala. Matayalawo nawonso amalemera: lalikulu la LT limaposa lobwera ndi galimoto ndi makilogalamu pafupifupi 10, ndiye asanu ndi thumba lathunthu la chimanga lomwe simudzalitsitsa.

Ndiye chinthu choyamba si kupita kusitolo ya matayala. N'kukweza zonse monga mukupita paulendo, kudzaza mathanki, n'kukaimika galimoto pa sikelo ya magalimoto, ekiselo iliyonse payokha. Nambala ya kumbuyo muigawe pawiri, muonjezepo gawo limodzi pa magawo asanu chifukwa mbali imodzi imalemera kuposa inzake ndiponso msewu sukhala wosalala, ndipo mwapeza katundu yemwe tayala lanu liyenera kukwanitsa. Ngati sikelo yasonyeza kuti ekiselo yapyola kale malire ake, yankho lili m'kanyumbamo: china chitsike.

Za kutalika, ochita malonda apanjinga a pa Milange anazidziwa kalekale. Wowolotsa chimanga kupita ku Muloza amalowetsa thumba limodzi m'kati mwa felemu, pansi penipeni, chifukwa amadziwa kuti akaunjika onse pa keliyala njinga imamugwetsa pa kona yoyamba. Kanyumba ndi katundu wounjikidwa pamwamba. Mukaonjezera matayala ataliatali, kenako masipuling'i okweza bodi kuti matayalawo akwane, mwakweza katundu yenseyo ndi masentimita asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu. Pa phula zimamveka ngati kuyendayenda kwa galimoto lole ikakudutsani. Pa msewu wadothi wokokoloka mbali imodzi, tayala lakumanzere lili m'ngalande lakumanja lili pamtunda, ndi pomwe dalaivala amazindikira kuti anagula chiyani. Galimoto yotitimira imakokedwa ndi thirakitala kapena ndi anyamata a m'mudzi mutamvana mtengo. Yogona cham'mbali ndi nkhani ina.

Kutambalala ndiye kumakopa maso koposa, ndipo ogulitsa amadziwa. "Bwana, ikani awa, galimoto ioneke yamphongo." Pa mchenga wa kunyanja tayala lotambalala lili ndi mbali yake. Koma matope a m'mbali mwa Ruo si mchenga. Nthawi zambiri pamwamba pamakhala phala loterera, pansi pali dothi lolimba, ndipo tayala lopyapyala limadula phalalo n'kukagwira pansi, pomwe lotambalala limayandama n'kumatsetsereka cham'mbali kulowera kudzenje. Kukula kwa malo omwe tayala limaponda kumadalira kwambiri katundu ndi mpweya. Lopyapyala limaponda motalika, lotambalala limaponda mofupika koma mopingasa, ndipo limakankha matope ambiri patsogolo pake. Limapezanso zitsa ndi miyala yambiri ya m'mphepete mwa njira, ndipo khoma la tayala likang'ambika palibe chigamba chodalirika. Si mwangozi kuti Land Cruiser za zipatala, za mishoni ndi za mabungwe zakhala zikuyenda m'Zambezia ndi m'Niassa kwa zaka zambiri pa 7.50R16, tayala lopyapyala koma lotalika pafupifupi masentimita 80. Mbale wake wamakono ndi 235/85R16, wotalika mamilimita 806. Yerekezani ndi 265/75R16, lomwe ndi mamilimita 804: kutalika n'kumodzi, difu ili pamalo amodzi, koma loyambalo ndi lopepukirapo, silikhula paliponse, ndipo silikakamiza chiwongolero.

Kukhulako si nkhani ya phokoso chabe. Tayala lomwe likuoneka kuti lakwana galimoto itaima pabwalo limakagwira bodi kapena chasisi mukakhota mpaka kumapeto, tayala limodzi litakwera pa chulu, katundu ali pamsana. Pofuna kuthawa zimenezi ena amaika zitsulo zotalikitsa pakati pa limu ndi habu, kapena kugula malimu otulutsa tayala kunja. Kutero kumasuntha katundu kumuchotsa pomwe bering'i inapangidwira kumusenza, ndipo bering'i yakumbuyo ya galimoto yolemedwa kale sichedwa kulira. Kutsogolo kwa Hilux, komwe tayala lililonse limayenda palokha, mashafiti ndi mfundo za chiwongolero ndi zomwe zimayamba kutha. Tayala la 285 limafunanso limu yotambalala mainchesi 7.5 kapena kuposerapo. Kulikakamiza pa limu yopapatiza kumalitukumula pakati n'kulidya msanga.

Funso lomwe munthu wa ku Majaua angafunse poyamba, mlendo n'kulikumbukira pomaliza, ndi lakuti: likaphulika, lina mulipeza kuti? Matayala a malimu a 15 ndi 16 omwe ma chapa (maminibasi a ku Mozambique), ma pikiapu ndi malole ang'onoang'ono amagwiritsa ntchito ndiwo amapezeka m'matauni a kumalire, atsopano ndi akaunjika omwe. Lachilendo muyenera kukalisaka ku Mocuba, mtunda wa makilomita pafupifupi 190 kuchoka pa Milange, kapena kupitirira mpaka ku Quelimane, kapenanso kuwoloka malire n'kutsata msewu wa M2 mpaka ku Limbe, ndipo n'kutheka kuti akakuuzani kuti mudikire lichoke ku Johannesburg. Sipeya nayo iyenera kukhala ya kutalika komweko. Galimoto ikakhala mu giya yokoka matayala onse anayi, tayala limodzi lalifupi limakakamiza magiya kulimbana okhaokha. Ambiri amagula anayi akuluakulu n'kusiya sipeya yakale pansi pa bodi, mwina chifukwa lalikululo silikwana pamalopo, ndipo akalipachika kumbuyo kwa kanyumba awonjezera makilogalamu 40 pamalo oipitsitsa pa galimoto yonse. Jeke yobwera ndi galimoto nayonso ikhoza kuperewera msinkhu, makamaka pa dothi lofewa pomwe pamafunika thabwa pansi pake.

Mukakakamizika kugula lakaunjika, yang'anani manambala anayi omalizira pa mzere womwe umayamba ndi zilembo za DOT. Awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka: 2319 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 ya 2019. Makampani monga Michelin amalangiza kuti tayala likapyola zaka zisanu liziunikidwa chaka ndi chaka, ndipo likakwana zaka khumi lichotsedwe ngakhale mano ake akuoneka. Labala amakalamba ndi dzuwa ngakhale galimoto isakuyenda. Ndipo ngati Land Cruiser yanu ili ndi malimu akale aja ogawika, okhala ndi mkombero wachitsulo ndi chubu m'kati, ubwino wake ndi wakuti wokonza matayala aliyense wa pamsika angathe kuwamasula ndi zitsulo ziwiri n'kumata chubu. Kuipa kwake ndi mkombero womwewo: ukakhala kuti sunalowe bwino umauluka popopa, ndipo wapha anthu m'maiko ambiri. Popopa tayala lotere, mkombero uyang'ane pansi kapena kukhoma, mwana asaime pafupi.

Za mano a tayala sindichedwapo. A mano akuluakulu a m'matope amathandizadi m'dzinja, koma amalira pa phula, amatha msanga akalemedwa, ndipo sagwira bwino phula lonyowa. Woyenda Majaua mu Febuluwale aliyense ali ndi chifukwa chowagulira. Wodutsa kamodzi mu Julayi akhutire ndi apakatikati.

Maganizo anga ndi awa. Pa Land Cruiser yonyamula kanyumba, 7.50R16 kapena 235/85R16 la katundu wokwanira ndi tayala lalitali kale, ndipo palibe chifukwa chomveka chopitirira apo. Pa Hilux ndi anzake, sitepe imodzi yokha, monga kuchoka pa 265/65R17 kupita pa LT265/70R17, imakweza difu ndi mamilimita 13, imasokoneza magiya ndi magawo atatu ndi theka okha pa 100, ndipo imabweretsa chomwe chimafunikadi, khoma lolimba ndi nambala ya katundu yokwera kuchoka pa 112 kufika pa 121. Ndalama zomwe zikanapita ku matayala a mainchesi 33, monga 285/70R17 lija, ndi malimu ake zigule masipuling'i akumbuyo oyenera katunduyo, sipeya yachiwiri, geji yabwino yoyezera mpweya ndi pampu yamagetsi.

Pampuyo ndi yofunika chifukwa mpweya woyenera phula si woyenera dothi. Pa mabampu ndi m'matope kuchepetsako mpweya kumatalikitsa pomwe tayala likuponda, kumafewetsa kugunda, ndipo kawirikawiri kumathandiza kuposa masentimita atatu aja. Koma galimoto yolemera kumbuyo singatsitse mpweya kwambiri ngati yopanda katundu, ndipo liwiro liyenera kutsika limodzi ndi mpweyawo. Yezani m'mawa matayala asanatenthe, akumbuyo akhale ndi wochuluka kuposa akutsogolo, ndipo pobwerera, mukangoponda phula pa Milange, imani mupope musanayambe kuthamangira ku Mocuba.